Bambo anga sakufunanso kudzuka pampando chifukwa cha phuma, ndichite bwanji?

Amake Chisomo:
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalembapo kanthu, koma lero zandikulira. Bambo anga ali ndi zaka 68, ndipo chaka chatha adokotala anatiuza kuti ali ndi COPD, matenda okhalitsa aja otseka njira za mpweya m'mapapo. Fodya anayamba ali mnyamata, anadzasiya atagonekedwa m'chipatala ulendo woyamba. Vuto langa ndi ili: chibanikireni usiku wina miyezi itatu yapitayo, mpaka tinachita kuthamanga nawo kuchipatala, sakufunanso kuyenda. Akadzuka pabedi ndi pampando, akachoka pampando ndi pabedi. Kusamba ndi nkhondo. Ndikati tiyeni tikafike pageti pokha, amati "ukufuna undiphe?" Miyendo yayamba kuonda, mathalauza onse akukhwepa. Achimwene anga akuti ndiwasiye apume, wodwala sakakamizidwa. Ine mtima ukukana. Amene mukudwala matendawa kapena mukudwazika, munadutsamo bwanji?

Aphiri:
Amake Chisomo, pepani. Madalawo ndikuwamva, chifukwa mpando umenewo inenso ndinaukhalapo miyezi isanu. Munthu amene sanabanikepo sangadziwe. Si ululu ayi. Zimakhala ngati wina wakuvundikira pilo kumaso, ukukoka mpweya koma sukulowa, mutu n'kumangoti basi lero ndi lero. Ukapulumuka usiku woterowo, chilichonse chobweretsa phuma umachiona ngati mdani, kaya ndi masitepe, kaya kubafa, ngakhale kuwerama kuti umange zingwe za nsapato. Ndiye umakhala pansi. Ukakhala masabata awiri miyendo imafooka, ndipo miyendo yofooka imadya mpweya wambiri pa kantchito kochepa. Pamene unkayenda osabanika, tsopano wayamba kubanika. Mantha aja n'kukula, iwe n'kukhaliratu. Ine ndinafika poti kuchoka pabalaza kupita kuchimbudzi ndinkaima kawiri, nditagwira khoma.

Anandichotsa pampando ndi mtsikana wina wa fizio, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa thupi, wamng'ono ngati mwana wanga wachitatu. Anandifunsa kuti, "Bambo, mukabanika poyenda, mukuganiza kuti mapapo akung'ambika?" Ndinati eya. Iye anati ayi, phuma la poyenda silibowola papo, chikukumalizani ndi mpandowo. Tsiku limenelo ndinamukwiyira zedi, ndinauza mayi a kunyumba kuti mwana ameneyu alibe ulemu. Koma mawa lake ndinayenda mapazi makumi awiri kuchoka pakhomo, n'kuima, n'kubwerera. Panopa padutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinachire, matendawa sachira, koma ndimayenda mphindi makumi atatu m'mawa uliwonse ndipo ndimadzisambitsa ndekha.

Angozo:
Koma inunso, munthu wa zaka 68 mukamuyendetse pofuna chiyani? Achimwene anuwo akunena zoona. Ine ndikanakhala inu ndikanawagulira tiyi uja akutsatsa pa Facebook wotsuka mapapo. Akuti masiku 21 okha phula lonse la fodya limatuluka.

Aphiri:
Angozo, tiyi ameneyo ndinamwa mapaketi atatu. Chimene chinatsukidwa ndi thumba langa.

Anambewe (namwino wopuma pantchito):
Angozo, musakhumudwe, funso lanu ndi la anthu ambiri. Tiyi amapita m'mimba, sapita m'mapapo. Ndipo vuto la COPD si litsiro loti n'kutsuka. M'mapapo muli timatumba ta mpweya ting'onoting'ono toposa 300 miliyoni, totambasuka ngati mphira. Utsi wa zaka zambiri umaphwanya makoma a timatumbati, tambiri n'kusanduka thumba limodzi lalikulu lolobodoka. Ndiye emphysema imeneyo. Mbali inayi, timachubu todutsa mpweya timatupa n'kumatulutsa makhololo ambiri, munthu n'kumatsokomola miyezi itatu kapena kuposa pachaka, zaka ziwiri zotsatizana. Odwala ambiri ali nazo zonse ziwiri. Timatumba tophwanyika sitimeranso, kaya mumwe chiyani. Chimene chimatheka ndi kuteteza totsala, kutsegula njira ndi mankhwala, komanso kulimbitsa thupi kuti lizigwira ntchito ndi mpweya wochepawo.

Amake Chisomo, pali chinthu chimodzi chimene mukachimvetsa mungawathandize bwino bambo. Iwo akabanika amaona ngati mpweya sukulowa, ndiye amakoka mwamphamvu, wefuwefu. Koma chenicheni n'choti mpweya wakale sukutuluka. Timachubu tija timafwafwanika munthu akamatulutsa mpweya mothamanga, ndiye wina umatsalira m'kati. Akakokanso, malo mulibe. Zili ngati kuthira madzi m'ndowa yodzaza kale. N'chifukwa chake timawaphunzitsa kukoka mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 2, kenako kuutulutsa pang'onopang'ono ndi milomo yosongoka ngati akuuzira moto kapena akufuna kuimba likhweru, kuwerenga mpaka 4. Milomo yosongokayo imachititsa kuti timachubu tikhale totseguka kanthawi, mpweya wakale upeze potulukira.

Aphunzire zimenezi ali phee, asanabanike. Munthu wobanika kale saphunzira kanthu.

Amake Chisomo:
Amayi Anambewe, zikomo kwambiri. Zoti vuto ndi kutulutsa palibe anatiuzapo. Ine akabanika ndimangoti "pumani kwambiri bambo, pumani kwambiri." Ndiye kuti ndakhala ndikuwonjezera moto?

Anambewe:
Osadziimba mlandu, mwanangu, aliyense amatero. Ulendo wina mudzakhale patsogolo pawo, mudzawagwire manja, inu muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono mokweza kuti azikutsanzirani. Akhale pampando ataweramira kutsogolo, zigongono zili pamaondo kapena patebulo, mapewa atagwa. Ngati muli ndi fani, kapena katoni yokupizira, kamphepo kozizira kumaso kamachepetsa phuma. Zimaoneka ngati zachibwana koma zimathandiza.

Ndifunseko, kapampu kawo ka mankhwala opumira amapopa bwanji? Tafotokozani monga mmene mumawaonera.

Amake Chisomo:
Ali ndi tiwiri. Kabuluu ka salbutamol, ndi kena kofiirira koti azipopa m'mawa ndi madzulo. Kofiirirako anakasiya, akuti sikagwira ntchito, akapopa samva chilichonse. Kabuluuko amakatenga, n'kuyasamula, n'kupopa kanayi kapena kasanu motsatizana, psi psi psi, ngati pafyumu. Utsi wake ndimauona ukutuluka m'kamwa. Akatero manja amanjenjemera, mtima n'kumagunda kwambiri, ndiye amati mankhwalawo akuwapha.

Aphiri:
Hahaha pepani ndaseka, koma ndi ine ndendende chaka choyamba. Ndinkapopera lilime. Lilime langa linali lopuma bwino kuposa la munthu aliyense.

Anambewe:
Eya, ndinakayikira. Ngati utsi mukuuona ukutuluka, ndiye kuti mankhwala ambiri athera m'kamwa ndi m'mwamba, kumapapo kwafika pang'ono. Achite chonchi: akhutchumule kapampuko, atulutse mpweya kaye, atseke milomo pakamwa pa kapampu, ayambe kukoka mpweya pang'onopang'ono, ndipo ali m'kati mokoka apope kamodzi kokha. Apitirize kukoka mpaka chifuwa chidzaze, agwire mpweya masekondi 10 ngati angathe, akalephera ngakhale asanu. Adikire pang'ono, akhutchumulenso, ndiye apope kachiwiri. Kupopa kasanu nthawi imodzi n'kungotaya mankhwala.

Kwa achikulire ambiri, kukoka ndi kupopa nthawi imodzi kumavuta. Pali chipangizo chotchedwa spacer, chubu choikapo kapampu mbali imodzi, munthu n'kumapumira mbali inayo. Mankhwala amayamba adikira m'chubumo, wodwala n'kumakoka mpweya kanayi kapena kasanu mosathamanga. Funsani kuchipatala kapena kogulitsa mankhwala. Chikasowa, botolo lapulasitiki loyera la 500 ml limagwira ntchito, mumaboola kunsi kwake bowo lokwana kapampu ndendende, iwo n'kumapumira kukamwa kwa botolo. Njira imeneyi anaiyesa pa ana odwala mphumu ku South Africa ndipo inathandiza ndithu. Mukapanga, mukawaonetse anamwino aone ngati mwaboola bwino.

Za kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, salbutamol amachitadi zimenezo akachuluka, ndipo zimatha zokha. Koma mukawauze adokotala, makamaka ngati bambo ali ndi vuto la mtima.

Kofiirira kaja asakasiye paokha. Sikapangidwira kuti munthu amve kusintha nthawi yomweyo, kamagwira ntchito mwakachetechete pa masabata. Ngati ndi ka mankhwala a steroid, ochepetsa kutupa m'timachubu, monga beclomethasone, azichukucha m'kamwa ndi madzi n'kulavula akamaliza kupopa, apo ayi m'kamwa mumatuluka zoyerayera ndipo mawu amasasa. Komanso mukapitanso kuchipatala mufunse ngati kali koyenera kwa iwo, chifukwa pa COPD mankhwala oyambirira ndi otsegula njira za mpweya okhalitsa m'thupi, monga tiotropium wopopa kamodzi patsiku. Steroid amawonjezera kwa amene amabanika pafupipafupi. Adokotala awo ndiwo angaone.

Wosoka Zovala:
Ndiwonjezereko kamodzi. Kabuluu kambiri kamakhala ndi mapopedwe 200. Mankhwala akatha kamapitirizabe kulira psi chifukwa cha mpweya wokankhira uja, munthu n'kumaganiza kuti mudakali mankhwala. Amuna anga anakhala pafupifupi mwezi akupopa kopanda kanthu, ife n'kumadabwa kuti bwanji akungoipiraipira. Panopa ndimalemba tsiku lotsegulira pa katoni yake, ndipo kena katsopano kamakhala m'kabati nthawi zonse.

Anabanda:
Ine ndili ndi dandaulo pang'ono, mundikhululukire ngati ndikupatutsa nkhani. Paliponse pakakambidwa za COPD anthu amangoti fodya, fodya. Ine ndudu sindinaigwirepo chibadwire. Ndili ndi zaka 59. Zaka zoposa makumi atatu ndaphika ndi nkhuni m'khitchini yopanda zenera, maso akuchucha misozi, mwana ali kumbuyo. Komanso ndinadwalapo chifuwa chachikulu, ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi mpaka kuchira. Chifuwa chitabwerera patapita zaka, anandiyeza makhololo katatu, TB osapezeka. Wina anati ndi mphumu. Wina anandipatsa maantibayotiki, ndikamaliza ena, ndikamaliza ena. Zaka zinayi zinatha choncho. Tsiku limene anandiuza dzina la matendawa, wachipatala wina anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, nenani zoona, mumasuta mobisa eti?" Ndinalira njira yonse yobwerera.

Anambewe:
Anabanda, pepani, ameneyo analakwitsa. Bungwe la WHO limanena kuti m'mayiko olemera fodya ndiye amayambitsa matendawa mwa odwala oposa 70 pa 100 aliwonse, koma m'mayiko osauka ndi apakatikati fodya amakhudza odwala 30 mpaka 40 okha pa 100. Enawo ndi utsi wa nkhuni ndi makala m'nyumba, fumbi la m'migodi ndi m'mafakitale, mpweya woipa wa m'mizinda, mapapo amene sanakule bwino paubwana, ndi zipsera za TB ngati zanuzo. Palinso ochepa obadwa nacho chifukwa chosowa puloteni yoteteza mapapo yotchedwa alpha-1 antitrypsin, vuto limene madokotala a ku Sweden analitulukira mu 1963. Amenewo amatha kudwala ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40.

Ndipo si matenda a anthu ochepa. Mu 2021 anapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni padziko lonse, n'kukhala pa nambala 4 pa zinthu zopha anthu ambiri. Chomvetsa chisoni n'choti ambiri amayenda ulendo ngati wanuwo, zaka n'zaka osadziwa dzina la chimene chikuwavuta.

Anakuyezani pouzira m'makina?

Anabanda:
Eya, pamapeto pake. Ananditsina mphuno ndi kachipanizo, n'kundipatsa chubu kuti ndiuzire mwamphamvu mpaka mpweya wonse uthe. Ndinaona nyenyezi. Kenako anandipopera kabuluu, tinadikira, n'kuuziranso.

Anambewe:
Imeneyo ndiyo spirometry. Amayeza mpweya umene mwatulutsa pa sekondi yoyamba poyerekeza ndi wonse umene mwatulutsa. Ukakhala wosafika 70 pa 100 ngakhale mutapopera mankhwala otsegula njira, ndiye chizindikiro cha COPD. Wa mphumu nthawi zambiri akapopera manambala amabwerera pabwino, wa COPD sabwerera mokwanira. X-ray payokha singatsimikize. Aliyense pagulu pano amene akungomwa mankhwala a chifuwa chaka ndi chaka, TB osapezeka, afunse za kuyezaku.

Chetechete:
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta. Ine anandipeza nawo chaka chino. Kunyumba onse akudziwa kuti ndinasiya fodya. Sindinasiye. Ndimasuta ziwiri kapena zitatu patsiku kuseri kwa nyumba, kenako n'kupopa kabuluu. Ndikudziwa kuti ndi uchitsiru, musachite kundiuza. Koma ndimadzifunsa kuti poti mapapo anawonongeka kale, kusiya panopa kupindula chiyani?

Angozo:
Ndiye mukufuna tikumvereni chisoni pamene mukudzipha nokha?

Woyang'anira Gulu:
Angozo, chonde. Munthu waulula zimene sanauze ngakhale akwawo. Pano sitiweruzana.

Aphiri:
Chetechete, m'bale wanga, ine ndinasiya kasanu ndi kawiri. Ulendo wachisanu ndi chiwiriwo ndi umene unagwira. Kuseri kwa nyumba kumeneko ndikukudziwa, ndinkabisa paketi m'kati mwa nsapato yakale. Mayi a kunyumba ankadziwa kalekale, fungo silibisika, ankangondiyang'ana. Mwina kwanunso akudziwa.

Za funso lanulo, adokotala anandijambulira papepala mizere iwiri yotsetsereka. Anati mapapo a munthu aliyense amayamba kutsika mphamvu pang'onopang'ono akapitirira zaka za m'ma 20 kapena 30, koma a wosuta amene fodya wamugwira amatsika mothamanga. Ukasiya, zotayika sizibwerera, koma kutsetserekako kumachepa n'kuyandikira kwa munthu wosasuta. Anati zimenezi anazionetsa akatswiri ofufuza Fletcher ndi Peto mu 1977 atatsatira amuna ogwira ntchito ku London kwa zaka zingapo. Ine mayinawo ndinawasunga chifukwa pepalalo lidakali m'kabati. Phindu lake si kuchira. Phindu lake n'loti tsiku lodzalephera kudzisambitsa wekha limakankhidwira kutali, mwina osafikako n'komwe.

Ndipo musalimbane nazo ndi mtima wokha. Pali zomata pakhungu ndi chingamu za nikotini, pali mapiritsi monga varenicline. Kauzeni adokotala zoona, anamvapo zoposa zanuzo.

Chetechete:
Zikomo Aphiri. Zoti mwina akudziwa kale zandilasa. Ndiyesa kulankhula ndi mayi usiku uno.

Wafizio:
Ndafika mochedwa koma ndibwerere kwa Amake Chisomo, chifukwa funso lawo ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Zimene Aphiri anachita zili ndi dzina, pulmonary rehabilitation, maphunziro olimbitsa thupi a odwala mapapo. Nthawi zambiri amatenga masabata 6 mpaka 8, kawiri pasabata, ndipo pa kuchepetsa phuma ndi kubwezera munthu mphamvu zoyenda, ndi thandizo limodzi mwa amphamvu kwambiri amene tili nawo. Ngati kuchipatala kwanu aliko, pemphani awalembe. Ngati kulibe, zambiri zimatheka panyumba, bola adokotala avomereze kaye kuti mtima wawo uli bwino.

Musayambe ndi geti. Kwa iwo geti ndi phiri. Yambani ndi mpando womwewo: aimirire, akhale, aimirire, akhale, kasanu, akutulutsa mpweya poimirirapo. Akapuma abwerezenso. Pakatha masiku angapo, ikani mpando wachiwiri patali mapazi khumi kuti aziona pokafikira. Mantha amachepa munthu akamaona pokhala. Mpando wachiwiriwo muziusuntha pang'onopang'ono.

Muyezo wake ndi wosavuta. Ngati akupuma mwamphamvu koma akutha kulankhula mawu angapo, ali pabwino, apitirize. Ngati sakutha kutulutsa liwu, aime apume ndi milomo yosongoka ija. Akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukudumphadumpha, asiye ndipo akaonedwe. Ena zimawathandiza kupopa kabuluu mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu asanayambe.

Kusamba n'kovuta pa zifukwa zomveka. Nthunzi imabanikitsa, kukweza manja m'mwamba kumatopetsa kwambiri munthu wa matendawa, ndiye pali kuwerama. Aikireni kampando m'bafa, madzi akhale ofunda chabe, chitseko kapena zenera likhale lotsegulako. Akamaliza asalimbane n'kudzipukuta, adzifunditse thaulo lalikulu akhale pansi, aume okha.

Za kuondako musazitenge mopepuka. Munthu wa COPD amawononga mphamvu zambiri pa kupuma kokha, ndipo mimba ikadzaza imakankha mapapo, ndiye ambiri amaopa kudya. Azidya chakudya chochepa kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku m'malo mokhuta kawiri. Muziwakweza pasikelo mwezi uliwonse, akamatsikabe mukanene.

Amake Chisomo:
Achimwene, mpando wachiwiriwo ndiyesa mawa lomwe. Koma ndifunsenso. Achimwene anga akuti tisonkhe tigule silinda ya okosijeni kapena makina ake, bambo akabanika tizingowaika. Akuti mantha onsewa atha. Kodi n'zoona?

Anambewe:
Musagule musanafunse. Okosijeni si mankhwala a phuma, ndi mankhwala a kuchepa kwa okosijeni m'magazi, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Munthu atha kubanika kwambiri okosijeni wake ali bwinobwino. Amene amafunikira wa panyumba ndi amene adokotala ayeza n'kupeza kuti ndi wotsika nthawi zonse, ndipo amenewo amavala maola osachepera 15 patsiku, osati pongobanika. Chinanso, kwa odwala ena a COPD okosijeni wochuluka ndi woopsa, mpweya woipa wa carbon dioxide umaunjikana m'magazi, munthu n'kuyamba kusinza, kusokonezeka mutu, mwina kukomoka. N'chifukwa chake kuchipatala pa kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi timafuna 88 mpaka 92 kwa iwo, osati 99. Ndinaonapo achibale akukweza okha mpweya pa wodi namwino atatembenuka, poganiza kuti akuthandiza.

Ndipo okosijeni sagwirizana ndi moto. Ndudu, kandulo, mbaula, zonse zikhale kutali.

Wosoka Zovala:
Ife ndalama zimene tinkafuna kugulira silinda tinagulira kachipangizo ka pachalako ndi spacer, zotsala n'kusunga za ulendo wadzidzidzi. Sitinanong'onezepo bondo.

Anabanda:
Amayi Anambewe, tatiuzeniko za nthawi yothamangira kuchipatala. Ine ndimazengereza, ndimaopa kukavutitsa anthu ndi kachifuwa.

Anambewe:
Inu ndi amene mumadziwa tsiku lanu labwinobwino. Mukaona kuti phuma laposa la masiku onse, makhololo achuluka kapena asintha mtundu kukhala achikasu kapena obiriwira, kabuluu mukukafuna pafupipafupi, ndiye kuti matenda ayamba kuyaka. Pitani tsiku lomwelo kapena mawa lake, osadikira sabata. Nthawi zambiri amapereka mapiritsi a prednisolone a masiku asanu, ndi maantibayotiki ngati makhololo asintha. Mukapita msanga mumabwerako tsiku lomwelo. Mukachedwa ndi pamene mumagonekedwa, ndipo kuyaka kwakukulu kulikonse kumatha kukusiyani pansi kuposa mmene munalili.

Zoti musadikire ngakhale kuche ndi izi: milomo kapena zala zikuda ngati zabuluu, munthu sakutha kumaliza chiganizo, akusinza kapena akulankhula zosokonekera, chifuwa chikupweteka, kabuluu sikakuthandiza. Kutsokomola magazi nakonso kukaonedwe msanga, kungakhale TB kapena china. Mapazi akayamba kutupa mukanene, nthawi zina mtima umakhala ukulemedwa chifukwa cha mapapo.

Zambiri zoyatsa matendawa ndi chimfine wamba. Ndiye funsani za katemera wa fuluwenza wa chaka ndi chaka, wa chibayo, ndi wa COVID-19. Zidzukulu zikakhala ndi chimfine zipereke moni zili chapatali, agogo asakwiye.

Anabanda:
Za zidzukuluzo ndiye zovuta. Koma za utsi ndinagonja, panopa ndimaphikira panja, ndipo posesa ndimayamba ndawaza madzi. Mankhwala ophera udzudzu ofukiza aja ndinasiyiratu, ankanditseka pakhosi usiku wonse.

Amake Chisomo:
Ndabweranso patatha masabata awiri ndi theka, ndinalonjeza mumtima kuti ndidzakuuzani.

Tsiku loyamba anakana. Ndinaika mpando wachiwiri pakhonde, iwo anangouyang'ana n'kunena kuti ndichotse, ukutchinga njira. Sindinachotse. Madzulo ndinawawerengera zimene analemba Aphiri, za pilo kumaso zija. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyo akudziwa." Ndi koyamba kuvomera kuti ali ndi mantha, kale ankangoti miyendo ikuwawa. Anandiuza kuti usiku uja wa kuchipatala, ali m'galimoto, ankaganiza kuti sakafika, ndipo chiyambire pomwepo akangomva phuma pang'ono amaona ngati ali m'galimoto muja.

Tsiku lachitatu ndinawapeza ali pampando wa pakhonde. Anapita okha ine ndili kuntchito, ndipo anandiuza ngati palibe chachitika. Panopa mpandowo uli pakati pa khomo ndi geti. Botolo tinapanga, anamwino analiona n'kukonza bowo ndi selotepi. Kunjenjemera kwachepa poti akupopa kawiri m'malo mwa kasanu. Dzulo anabanika pobwerera, ndinachita mantha, koma ndinawagwira manja tikuuzira limodzi ngati tikukoleza moto, ndipo patapita mphindi zochepa zinadutsa. Achimwene anga analipo, sanayankhule kanthu, koma za silinda sanazitchulenso.

Sikuti zonse zili bwino. Kudya kukuvutabe, ndipo masiku ena amadzuka okhumudwa osafuna kuona munthu.

Wafizio:
Mwagwira ntchito. Kukhumudwako mukakutchule kwa adokotala ulendo wotsatira, n'kofala kwambiri pa matendawa ndipo kuli ndi thandizo lake. Mpandowo musausunthe tsiku limene sanagone bwino.

Aphiri:
Muwapatse moni madalawo. Muwauze kuti ine geti linanditengera masabata asanu ndi awiri, ndiye asandipitirire, ndingachite manyazi.

Chetechete:
Mayi ankadziwa. Akuti ngakhale pobisira ankapadziwa. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, ndili ndi chomata pamkono, koma tulo palibe ndipo ndikulota zoopsa. Aphiri, zimenezi zimatha?

Aphiri:
Zimatha. Ine anandiuza kuti ndizichotsa chomatacho pogona n'kumata chatsopano m'mawa, malotowo anasiya. Kafunseni amene anakupatsani ngati mtundu wanuwo ukulola. Nsapato yakale ija mwataya?

Chetechete:
Yanga inali ndowa yobooka. Mayi anadzalamo maluwa.